Nsomba ya Kwa Seo ndi Chinkhoswe cha Olivia

Inu a pa gulu lathu la pa foni, amene mumatsegula maminitsi n'kungoyang'ana ngati dzina lanu ndalilemba bwino kenako n'kutseka, lero musatseke. Werengani mpaka pansi. Mukafika pansi, amene angathe kuimirira n'kunena kuti iye sanayamikirepo chakudya chimene kukhosi kwake kunali kukana, abwere adzandiuze pamaso. Osati pa foni. Pamaso.

KOMITI YOKONZA CHINKHOSWE CHA OLIVIA CHIKAONDA NDI RYAN DELANEY

Tsiku: Lamulungu, pa 19 Okutobala 2025
Malo: Kwa Seo, lesitilanti ya sushi (mpunga ndi nsomba yaiwisi) ya mumsewu wa Dundas ku Mississauga, pa tebulo lathu la pawindo

Opezeka:
Bambo Overtone Chimphamba, Wapampando
Mayi Nthanda Chikaonda, mayi ake a Olivia
Mayi Mathilda Kamwendo
Bambo Given Daka, oimira abale athu a ku Zambia
Mayi Naomi Kachingwe, Mlembi

Osapezeka:
Bambo Howard Zulu, ali pa shifiti ku bwalo la ndege.
Bambo Victor Kalonga, anatumiza uthenga woti m'mimba simunakhazikike chidyereni pamalo omwe ano sabata yatha. Anapempha kuti zimenezi zisalembedwe. Zalembedwa.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano titangochokera kutchalitchi, cha m'ma 2 koloko masana. Mayi Kamwendo anapemphera. Pemphero lili mkati msuzi unafika, ndipo Bambo Daka anatsegula diso limodzi n'kunong'ona kuti a Mathilda asathamange, msuziwo sungazizire poti wabwera wozizira kale. Wapampando anaseka pemphero lisanathe. Mlembi anaona zonsezi chifukwa ntchito yake siyilola kutsinzina.

2. MAMINITSI A MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga. Wapampando anapempha kuti pamene palembedwa kuti "Wapampando anazungulirazungulira" pasinthidwe, palembedwe kuti "Wapampando anafotokoza mwatsatanetsatane". Mlembi anakana. Anati iye kusukulu ya ulembi sanapiteko, anadziphunzitsa yekha, ndipo chimene anaphunzira n'chakuti munthu akazungulira umalemba kuti wazungulira. Maminitsi anavomerezedwa momwe analili.

3. CHIMENE TINASONKHANIRA

Wapampando anapempha Mayi Chikaonda kuti afotokozenso vuto lawo, pothandiza amene amabwera ku misonkhano koma makutu amawasiya m'galimoto.

Mayi Chikaonda anati mwana wawo Olivia, wobadwira kuno, poyamba sankafuna chinkhoswe n'komwe. Ankafuna kupita ku City Hall ndi Ryan, kusaina kalata ya ukwati, basi zatha. Mayi ake anamupempha, azakhali ake anamupempha, Mayi Kamwendo analira naye pa foni, mpaka mtsikanayo anavomera. Koma anaika lamulo limodzi: chinkhoswe chichitikire Kwa Seo. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Malemu bambo ake ndiwo ankamubweretsa pano kuyambira ali ku pulaimale, pa tebulo lomwe lino, ndipo ndi pano pamene anamuphunzitsa kugwira timitengo todyera, iwo eni akugwetsa mpunga pa tayi.

Mayi Chikaonda anati tsiku ndi Loweruka pa 15 Novembala, malo anabukitsa kale, ndipo amalume a Olivia, amene ndi nkhoswe yaikulu, apeza viza ndipo akubwera kuchokera ku Ntcheu. Anati makolo a Ryan anakulira ku Vancouver kumene nsomba yaiwisi amaidziwa ngati momwe ife timadziwira usipa. Anati chakudya cha pano chafika poti sangachiike pamaso pa apongozi. Akasuntha malo, Olivia apita ku City Hall, ndipo amalume adzakhala atawoloka nyanja kudzaonera chipale chofewa. Akapanda kusuntha, manyazi. Anati sakugona.

Wapampando anati mwina mtsikanayo wafewa, timuyese ndi holo ya pansi pa tchalitchi. Mayi Chikaonda anamuimbira n'kuika foni pakati pa tebulo. Wapampando anayamba ndi moni wautali, anafunsa za ntchito, anafunsa za Ryan, anafunsa za nyengo ya ku Toronto ngati kuti Toronto ndi dziko lina. Asanafike pa nkhani Olivia anawadula. Mawu ake enieni anali akuti: "Uncle, zikomo, ndikudziwa mukufuna chani. Mummy, ndinanena kale. Kwa Seo, or City Hall. Daddy ankandibweretsa kumeneko. Sindifuna basement." Kenako anatsanzika mwaulemu n'kudula.

Bambo Daka anati, "Mwana wagwiritsa ntchito Chichewa chonse chimene ali nacho, ba Chair. Tisamuvutitse, angayambe kubwereka."

Zinagwirizanidwa kuti malo sasuntha. Choyenera kusuntha ndi chakudya.

4. MADANDAULO A MAMEMBALA

Wapampando anati aliyense anene chimene chasintha, koma motsitsa mawu. Palibe anatsitsa.

Mayi Kamwendo anayamba ndi mpunga. Anati kale mpunga wa pano unkabwera wofunda ngati chikhatho cha munthu, ukaugwira ndi timitengo sunkamwazika, ukafika m'kamwa n'kusungunuka wokha. Lero ukubwera wozizira, wouma, wochokera mu furiji. Pofuna kuonetsa umboni ananyamula kachidutswa kamodzi, ndipo theka linagwera mu msuzi wa soya n'kuthimbiritsa bulauzi yawo ya kutchalitchi. Anati, "Mwaona? Ndi yachitatu imeneyi bulauzi."

Bambo Daka anatenga kagawo ka nsomba n'kukakweza kuwindo. Anati akutha kuona basi ikudutsa mu Dundas, ndipo akuwerenga nambala yake kudzera mu nsombayo. Anati, "Kale nsomba inali kuphimba mpunga monga bulangete. Manje ni neti chabe ya udzudzu." Mamembala onse anayesa ndi tigawo tawo. Wapampando anati iwo akuona mpaka sitolo ya matayala ya kutsidya. Msonkhano unaima pang'ono chifukwa Mayi Kamwendo anatsamwa ndi kuseka ndipo anafunika kumenyedwa pamsana.

Mayi Chikaonda anati iwo chimene chimawapweteka ndi chisamaliro. Kale ukangokhala pansi ankakupatsa kathaulo kotentha kopukutira m'manja, tiyi ankathiridwa usanapemphe, ndipo wodula nsomba, bambo wamtali uja wotchedwa Tobias, ankatukula mpeni kupereka moni ali kuseri kwa galasi lake. Lero Tobias kulibe, pa malo pake pali anyamata osinthasintha, ndipo oda timaitumiza pa tabuleti yomata pakona.

Pa nkhani ya tabuleti Wapampando anadandaula kuti mwezi watha anadina kamodzi mbale ya nkhaka, zinabwera mbale zodzaza tebulo. Mlembi anakumbutsa Wapampando kuti sanadine kamodzi, anadina mokwiya mobwerezabwereza poganiza kuti makina sakumva. Wapampando anati zimenezo si za pa mndandanda wa zokambirana.

Apa panafika kaloboti konyamula mbale, kamene kalowa m'malo mwa atsikana awiri amene ankatidziwa mayina. Kali ndi nkhope ya mphaka. Kanakodwa mu lamba wa chikwama cha Mayi Kamwendo, kanazungulira pamalo amodzi, kenako kanayamba kuimba nyimbo ya tsiku lobadwa. Bambo Daka anaimirira n'kukathokoza, anati tsiku lawo lobadwa ndi mu Malichi koma ulemu saukana.

Mlembi anafunsidwa maganizo. Anati iye nsomba yaiwisi sadya, sanadyepo, ndipo sadzadya, poti Mulungu anatipatsa moto ndi cholinga. Iye pano amadya tinkhanu tokazinga basi, ndipo nato masiku ano tikubwera titanyowa mafuta ngati mandasi a dzulo a pa depoti. Anati chimene sakumvetsa n'chakuti anthu asanu akuluakulu akudandaulira mbale, pamene mwini malo ali apo pa kauntala ndipo makutu ali nawo awiri.

Wapampando anati Mlembi wanena zoona ngakhale wanena mwaukali. Anaimirira. Anati lero ndi lero. Anati Bambo Seo awauza maso ndi maso, mfundo zitatu: mpunga, nsomba, mphaka. Anati iwo ku ntchito amayang'anira anthu ambiri, azungu omwe, ndipo saopa munthu. Anayeserera momwe adzalankhulire, chala chili m'mwamba, mpaka Mayi Kamwendo anaomba m'manja. Kenako anagamula kuti Bambo Seo akabwera, wolankhula m'malo mwa komiti ndi Wapampando yekha, ndipo Mlembi agwire cholembera, pakamwa atseke. Mlembi anatsutsa. Anagonja pa mavoti. Mayi Kamwendo anapatsidwa udindo wokhala pafupi ndi Mlembi.

5. KUBWERA KWA BAMBO SEO

Bambo Seo, mwini lesitilanti, anabwera okha tisanawaitane. Kwa amene simuwadziwa, ndi bambo wamfupi wa imvi, wochokera ku Korea, amene watilandira pano kuyambira ana athu ali aang'ono ndipo pamaliro a Bambo Chikaonda anabwera ndi mbale zazikulu osauzidwa ndi munthu. Anawerama, anagwira Wapampando dzanja ndi manja awiri, n'kufunsa m'Chingerezi kuti zonse zili bwanji.

Mlembi akulemba zimene zinachitika mwa ndondomeko yake, ndipo aliyense wofuna kukana akakanire kwa Mulungu.

Wapampando anatsitsa chala chija. Anachiika m'thumba. Anawerama kuposa Bambo Seo, n'kunena kuti, "Very nice. Very, very nice."

Mayi Kamwendo, bulauzi ili ndi banga la soya pachifuwa, anati, "Delicious."

Bambo Daka, amene anangomaliza kuwerenga nambala ya basi kudzera mu nsomba, anasisita mimba n'kupempha ina.

Mlembi anatsegula pakamwa. Mayi Kamwendo anamuponda phazi ndi chidendene cha nsapato ya kutchalitchi. Chala chachikulu cha Mlembi chatupa mpaka lero ndipo nkhaniyi idzabweranso.

Bambo Seo anasangalala kwambiri. Anati amadziwa kuti tebulo la pawindo silimukhumudwitsa. Anati ali ndi mphatso ya chinkhoswe, ndipo anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mbale yaitali atainyamula okha. Pa mbalepo panali mpunga wokulungidwa, mkati muli mango, tchizi ndi nsomba ya m'chitini, pamwamba atathira mayonezi wofiira, wobiriwira ndi wina wakuda. Anati mitunduyo anaiona pa mbendera yathu. Anati chakudyachi achitcha Malawi Roll, polemekeza ife, chifukwa zonse zili mkatimo ndi zimene takhala tikuyamikira chaka chino. Anati pa chinkhoswe adzakonza chachitali kuchokera pakhomo mpaka pawindo, ndipo makolo a mkwati adzayamba ndiwo kulawa.

Wapampando analawa. Maso anadzaza misozi. Anameza movutika ngati akumeza kwinini, n'kukweza chala chachikulu.

Apa ndi pamene Mayi Chikaonda anaika timitengo pansi. Tonse tikuwadziwa a Nthanda: munthu amene ukamuponda iye ndiye amapepesa. Sanapemphe chilolezo kwa Wapampando. Analankhula m'Chingerezi, motsitsa, maso ali pa mbale, ndipo Mlembi akuika m'chilankhulo chathu:

"Bambo Seo, mundikhululukire. Ichi sichikoma. Mpunga ndi wozizira, nsomba ilibe kukoma, ndipo zakhala chonchi kuyambira chaka chatha. Amuna anga akanakhala moyo sakanamubweretsa Olivia kudzadya izi. Mwana wanga akufuna chinkhoswe chake pano chifukwa akukumbuka chakudya cha kale. Ine ndikuopa kuti adzabwera ndi apongozi ake, adzalawa, n'kupeza kuti ngakhale ichi chimene bambo ake anamusiyira chinapita."

Wapampando anayang'ana sitolo ya matayala. Kaloboti kanadutsa kakuimba, ndipo Bambo Seo anakazimitsa ndi dzanja limodzi osakayang'ana.

6. YANKHO LA BAMBO SEO

Bambo Seo anakoka mpando n'kukhala nafe, chinthu chimene sanachitepo. Anafunsa Wapampando ngati zimene anena mayiwa n'zoona. Wapampando anati nkhaniyi ili ndi mbali zingapo. Mlembi, poona kuti lamulo lomutseka pakamwa laphwanyidwa kale ndi ena, anati, "N'zoona. Ndipo tinkhanu tikunyowa mafuta." Mayi Kamwendo ndi Bambo Daka anavomera ndi mitu.

Bambo Seo anagwira mutu, kenako anayamba kuseka, kuseka kosakoma. Anafotokoza motere.

Anati zinthu zitakwera mitengo anaganiza zosintha kumene amagula nsomba, ndi kuphika mpunga wambiri kamodzi m'malo mophika pang'onopang'ono tsiku lonse. Tobias anakana, anati anthu adzazindikira. Anakangana. Pomaliza anapangana kuti ayesere pa makasitomala amene adya pano nthawi yaitali kuposa onse, amene lilime lawo likudziwa nsomba ya Tobias. Akadandaula, zonse zibwerere mwakale. Makasitomala amenewo ndi ife.

Anati anasintha nsomba, n'kubwera pa tebulo lino kudzafunsa. Tinati very nice. Anasintha mpunga, anadzafunsa. Tinati very nice. Anachotsa timathaulo. Very nice. Anati tsiku lina, Tobias ataima pomwepo akumva, Wapampando anaimirira n'kunena kuti chakudya cha masiku ano chikuposa cha kale, ndipo anapempha kuti amugwire dzanja wophika. Tobias anapereka dzanja. Madzulo ake anavula epuloni, anakulunga mipeni yake, n'kunena kuti ngati anthu amene wawadulira nsomba zaka zonsezi sakusiyanitsa, ndiye kuti manja ake akhala akugwira ntchito yachabe. Anapita. Pano ali ku Hamilton, akugulitsa nsomba mu shopu ina pafupi ndi msika, ndipo foni ya Bambo Seo sayankha.

Bambo Seo anati makasitomala ena anangosiya kubwera osanena kanthu, ndipo iwo ankadzitonthoza kuti vuto si chakudya, poti a pawindo akuchikonda. Kenako anafunsa funso limene Mlembi walilemba ndi zilembo zazikulu m'kope mwake: munandinamiziranji?

Mayi Kamwendo anayankha kuti sikunama, ndi ulemu. Anafotokoza kuti kwathu munthu akakuikira chakudya sumuuza kuti ndiwo zachepa mchere. Umadya, umathokoza, umanena kuti wakhuta, ndipo za mcherezo umakanenera m'njira pobwerera. Anati makamaka munthu amene anabwera pamaliro, ungamuuze bwanji kuti mpunga wake wauma?

Bambo Daka anawonjezera kuti kudandaula tadandaula kwambiri, asaganize kuti tinali chete. Anati, "Mwandi, Sande iliyonse. Apo poimika magalimoto. Nthawi zina mpaka mu msewu wa 403 tikali kukamba."

Bambo Seo anati poimika magalimoto iwo alibe khitchini.

Mlembi akufuna zilembedwe kuti pa mawu amenewa iye anaomba m'manja yekha.

Mayi Chikaonda anafunsa ngati zinthu zingakonzeke tsiku la chinkhoswe lisanafike. Bambo Seo anati nsomba yabwino angayitanitse mawa lomwe kwa amene ankawagula kale, timathaulo tili m'kabati, ndipo mphaka angamutsekere m'stoo. Koma anati kudula nsomba ndi kukonza mpunga uja Olivia akuukumbuka si nkhani ya oda, ndi manja a Tobias. Anati iwo anapepesa kale pa uthenga, sizinathandize, chifukwa amene anamupweteka mtima Tobias si iwo okha. Anati Tobias atamva kuchokera pakamwa pa tebulo la pawindo kuti tinkasiyanitsa, kuti tinkadziwa, mwina angabwere, ngakhale tsiku limodzi lokhalo. Anatenga mbale ya Malawi Roll n'kubwerera nayo kukhitchini. Palibe anaitsanzika.

7. ZOGWIRIZANA

Mayi Kamwendo anati munthu tinamulakwira monga a kwathu, ndiye tikamupepesenso monga a kwathu: kupita komweko, kukhala pansi, nkhuku m'manja. Bambo Daka anafunsa ngati nkhuku yamoyo amailola mu sitima ya GO, ndipo ngati amailola, ilipira ngati mwana kapena ngati wamkulu. Mayi Kamwendo anati ya moyo angaipeze ku famu ina kupitirira Milton. Mayi Chikaonda anati tisamuopseze munthu, akhoza kuitana apolisi. Zinagwirizanidwa kuti nkhuku ikhale yootcha kale, Mayi Kamwendo aiotche okha, ndipo wina afotokozere Tobias tanthauzo lake asanaganize kuti tikumuuza kuti asiye nsomba.

Pa nkhani ya amene apite, maso onse anapita kwa Wapampando, poti dzanja limene linagwira dzanja la Tobias ndi lawo, ndi pakamwa pamene pananena kuti za lero zikuposa za kale ndi pawo.

Wapampando anati ganizoli ndi labwino kwambiri. Anati komabe kalata yolembedwa bwino imakhala ndi ulemu wake. Komiti inakana. Anati mwina tikhazikitse kakomiti kakang'ono kofufuza momwe anthu a ku Hamilton amalandirira kupepesa. Komiti inakana. Anati msana wawo sugwirizana ndi mipando ya mu sitima. Bambo Daka anati awatenga pa galimoto yawo, mpando wake umagona ndipo umatenthetsa. Wapampando anati sakumbuka bwinobwino kuti ananena mawu amenewo, mwina anali Bambo Kalonga. Mlembi anati Bambo Kalonga akudwala m'mimba, tisawasenzetse ndi ichi.

Mayi Chikaonda anauza Wapampando kuti, "Achimwene, ine ndanena zanga. Inu mungolankhula mawu awiri: tinkadziwa, pepani. Ine ndipita nanu, ndidzakhala pambali panu."

Mavoti: anayi anati Wapampando atsogolere ulendo wa ku Hamilton Loweruka likubwerali, limodzi ndi Mayi Chikaonda ndi Bambo Daka. Wapampando sanavote. Anati ayang'ana kaye kalendala.

8. ZINA NDI ZINA

Bambo Daka anafunsa ngati Bambo Seo akudziwa kuti pa chinkhoswe timalowa ndi nkhwangwa ndi chikwanje zopatsa mkwati. Zinapezeka kuti palibe anawauza. Mayi Kamwendo awauza mkati mwa sabata, pang'onopang'ono, ndiponso afotokozere makolo a Ryan kuti atsikana ofunda zitenje kumutu adzakhala atatu ndipo mwana wawo asasankhe wolakwika.

Mayi Chikaonda anapempha jekete lochindikala la amalume, poti iwo akuganiza kuti kuzizira kwa ku Ntcheu kwawakonzekeretsa. Bambo Zulu afunsidwa.

Tikunyamuka, Bambo Seo anabweranso ndi tiyi n'kufunsa kuti tiyiyo ali bwanji. Bambo Daka anayamba kuti "Very," Mayi Chikaonda anawayang'ana, ndipo anamaliza kuti "cold." Bambo Seo anawerama, anapita, n'kubwera ndi wina wotentha, ndi timathaulo tisanu tofuka nthunzi. Mayi Kamwendo anaika kawo kumaso ndipo anakhala momwemo nthawi yaitali. Akuti inali nthunzi chabe.

9. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Komiti idzakumananso Lamulungu pa 26 Okutobala, malo omwewo, kudzamva za ku Hamilton. Bambo Daka anatseka ndi pemphero lalifupi, ndipo tinabalalika dzuwa likadalipo, cha m'ma 5 koloko. Poimika magalimoto panalibe zokamba.

Wapampando: ______________________

Mlembi: Naomi Kachingwe

Mzere wa Wapampando uli wopanda kanthu chifukwa akuti asaina akaona kalendala. A Chimphamba, kalendala yanu ndaifunsa kwa akazi anu, Loweruka mulibe kanthu koma kumeta. Mayi wamasiye uja ananena zoona pamaso pa munthu, pamene inu munali mutabisa chala m'thumba. Tsopano mwana wake akudikira, amalume agula kale sutikesi, ndipo ku Hamilton kuli munthu amene akuganiza kuti manja ake ndi achabe chifukwa cha ulemu wanu. Bambo Daka adzaima pakhomo panu Loweruka m'mawa, nkhuku ili pampando wakumbuyo. Mukwere, mupite, mukamuuze Tobias kuti tinkadziwa. Ndipo akakakupatsani nsomba yoti mulawe, mukanene momwe ikukomera, osawonjezera, osachotsera.